Kuyenda pa zilumba ndi boti la thanga mpikisano ukatha: zoyenera kuchita musanasiye gombe

Mpikisano wa maboti a matanga ukakhala mkati, pamadzi pamakhala maso ambiri. Boti la injini limatsatira m'mbuyo, wina amakhala pagombe ndi mndandanda wa mayina kuwerenga amene afika, ndipo mukagubuduka sipatenga nthawi anthu akupezani. Ngakhale marathoni uja wa m'nyengo yozizira, woyambira ku Mangochi kukathera ku Chintheche, ulendo wa makilomita oposa 500, amayenda motero. Zimavuta mpikisano ukatha. Boti lili pomwepo, thupi lidakali ndi mangolomera, tchuthi chatsala masiku anayi, ndiye wina n'kuyambitsa kuti tiyeni tikaone zilumba za Domwe, Mumbo ndi Maleri. Apa palibenso wokuwerengani. Ife a ku Zomba, amene nyanja yaikulu timaiona kawiri kapena katatu pachaka, ndi amene timakodwa kawirikawiri: timanyamula mtima wa mpikisano n'kupita nawo pa ulendo wopanda wotilondera.

Malangizo awa ndi a boti laling'ono la mimba ziwiri, monga Hobie 16, lokwera anthu awiri, pa zilumba za kumwera kwa Nyanja ya Malawi.

Zoyenera kukhala nazo

- Majekete oyandamitsa, aliyense lake, lomukwana, lomangirira wenzulo.
- Nangula wamng'ono, unyolo waufupi ndi chingwe cha mamita 40 kapena kuposa. Chingwe china chopyapyala chokhala ndi botolo lopanda kanthu kumapeto.
- Chingwe chodzutsira boti likagubuduka, chomangiratu pansi pa chinsalu chapakati.
- Nkhafi ziwiri. Mphepo imatha, manja satha.
- Mpeni wakuthwa wovala pathupi, pulayazi, sipanala, timaloko ndi timapini tapadera ta mawaya a mlongoti ndi ta chiwongolero, tepi yomatira thanga.
- Foni yokhala ndi GPS ndi mapu otsitsiratu, pawabanki yodzaza, zonse m'kachikwama kosalowa madzi komangirira pa jekete. Kampasi wamba wapamanja.
- Tochi yovala kumutu ndi kagalasi kowalitsira dzuwa.
- Madzi akumwa malita 4 munthu mmodzi patsiku, ndi WaterGuard wothira m'madzi a m'nyanja.
- Chipewa cha khonde chokhala ndi chingwe, malaya a manja aatali, mafuta oteteza dzuwa, juzi ndi jekete lotchinga mphepo.
- Neti yotchinga udzudzu, tenti yaing'ono, mankhwala a mabala ndi Thanzi ORS.
- Ndalama m'thumba. Airtel Money ndi Mpamba zimafuna netiweki, ndipo kuseri kwa chilumba netiweki imabwera ikafuna.

Chakudya gulirani mu msika wa Zomba musananyamuke: mpunga, nyemba zophikiratu, mtedza wokazinga, mbatata, anyezi, mandimu. Koma boti ili si lole. Katundu wa anthu awiri akapitirira zikwama ziwiri ndi zigubu za madzi, mphuno za boti zimayamba kumira m'mafunde, ndipo kumira mphuno ndi kumene kumaligubuduza chadodolido.

1. Yesani kaye zonse pa Chilwa

Tili ndi mwayi umene anzathu a ku Lilongwe alibe: nyanja ili kuseri kwa nyumba. Pitani ku Kachulu Loweruka lina, mumange boti monga momwe mudzamangire pa ulendo weniweni, katundu yense ali momwemo, muwolokere ku Chisi n'kubwerera. Cholinga si kusangalala ayi. Mukufuna kuona chimene chikugwedera, chimene chikunyowa, ndi chimene mwaiwala kunyumba. Gubuduzani boti dala kamodzi, katundu ali pomwepo, muone ngati awirinu mungalidzutse.

Chilwa ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotuluka. Inaphwa mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka. Choncho funsani kaye a maboti a pa Kachulu ngati madzi alipo okwanira, ndi njira imene iwo amadutsa pakati pa mabango ndi udzu wa m'madzi.

Chenjezo: pogubuduza boti, musalole nsonga ya mlongoti kuzika m'matope. Ikazika, kuizula ndi ntchito ya mudzi wonse, ndipo mlongoti ukhoza kupindika. Mangani chigubu chopanda kanthu kunsonga kwake musanayese. Madzi a Chilwa musamwe ngakhale pang'ono. Kolera ndi mlendo wodziwika kumeneko, makamaka kwa asodzi okhala m'zimbowera, timisasa tomangidwa pamadzi.

2. Sankhani masiku poyang'ana mphepo, osati kalendala ya kuntchito

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala, nyanja imalamulidwa ndi mwera, mphepo yochokera kumwera chakum'mawa. Ndi imene imachititsa kuti marathoni aziyenda cholowera kumpoto. Ikakwiya imatha masiku angapo osapuma, ndipo chifukwa nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 550, mafunde amapeza mtunda wokulira. Sitima ya Viphya inamira mu Julayi 1946 pa namondwe wa nyengo yomweyi, anthu oposa 140 n'kutsikira kulichete. Imeneyo inali sitima yachitsulo. Inu muli pa mimba ziwiri za pulasitiki ndi chinsalu.

Nyengo ya mvula imabwera ndi mpoto ndi mabingu odzidzimutsa. Mlongoti wa aluminiyamu wotalika mamita 8 pakati pa madzi, kumwamba kukung'anima, si malo okhalapo. Miyezi imene ine ndimakonda ndi Seputembala ndi Okutobala: mwera wayamba kufooka, mvula sinayambe, madzi ndi oyera. Kutentha ndiye kulipo, koma kutentha sikugubuduza boti.

Mverani machenjezo a nthambi yoona zanyengo pa wailesi masiku atatu musananyamuke. Ndipo tulukani panja muyang'ane phiri lathu. Chiperoni chikaphimba Zomba, mawawa akugwa m'tauni, anthu avala majuzi masana, dziwani kuti mpweya womwewo wochokera kumwera chakum'mawa ukupitirira kunyanja. Tsiku limenelo si lomangirira ngolo ya boti kugalimoto mothamanga.

Ikani tsiku limodzi lopanda ntchito pa masiku atatu alionse a ulendo. Limenelo ndi la mphepo. Ikapanda kulitenga, mudzaligwiritsa ntchito kusambira.

3. Lembani njira, ndipo yambani ndi funso la pobwerera

Apa ndi pamene ambiri amalakwa, choncho ndikhalitsapo.

Kuchokera ku mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, chilumba cha Thumbi West chili pamphuno pomwepa. Domwe ili makilomita ngati 5, yolekanitsidwa ndi mtunda ndi kampata kopapatiza kotchedwa Ilala Gap. Mumbo ili makilomita ngati 10 pakati pa madzi. Kuchokera ku Mumbo kukafika ku zilumba zitatu za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga, kufupi ndi gombe la Salima, ndi makilomita pafupifupi 20. Pamapu zikuoneka ngati masitepe a pakhonde.

Taonani bwino kumene masitepewo akulowera: kumpoto chakumadzulo. Ndiye kuti mwera umakukankhani kumsana njira yonse. Boti limathamanga, madzi amalira pansi, nonse mukuseka, ndipo pofika ku Maleri mumadziona ngati akatswiri. Pobwerera mphepo yomweyo ili kumaso. Boti la thanga silingalunjike kumene mphepo ikuchokera. Limayenda chokhotakhota, uku kenako uko, ndipo mtunda wa makilomita 20 umatalika mwina kufika 30 kapena kuposa, funde lililonse likukumenyani pachifuwa. Boti la mimba ziwiri lolemedwa ndi katundu limavutanso kutembenuza mphuno pa mafunde: limaima pakati, n'kuyamba kubwerera chafutambuyo.

Pali njira ziwiri. Yoyamba, imene ndimalimbikitsa, ndi kusabwerera pamadzi n'komwe: mukathere ku Senga Bay, mnzanu azungulire ndi galimoto ndi ngolo kudzera ku Golomoti ndi Salima akakutengeni. Yachiwiri ndi kuthera pa Mumbo, n'kusunga tsiku lathunthu lobwererera ku Chembe.

Powerengera nthawi, musagwiritse ntchito liwiro la pa mpikisano. Werengerani makilomita 6 pa ola. Mukafika msanga, palibe amene adzakulipitseni.

Za Likoma ndi Chizumulu, zisiyeni pa ulendo wa boti limodzi. Zilumba zimenezi zili kufupi ndi gombe la Mozambique, makilomita oposa 50 kuchokera ku Nkhata Bay, kudutsa pamadzi akuya kwambiri pomwe gombe limasowa m'maso. Ngati mtima ukufuna kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903, kwerani Ilala, kapena dikirani kuwoloka pamodzi ndi gulu lokhala ndi boti lolondera.

4. Konzani zilolezo ndi pogona musanafike

Domwe, Mumbo, Thumbi West, zilumba za Maleri, ngakhalenso Boadzulu ya kufupi ndi Mangochi ija yoyera ndi zitosi za mbalame, zonse zili mu Lake Malawi National Park. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980 kuti iteteze nsomba za mbuna, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Tanthauzo lake kwa inu ndi ili: pali ndalama yolowera, simungagone paliponse pamene mwafuna, simudula mtengo, ndipo simuponya mbedza mkati mwa mamita 100 kuchokera pagombe la paki. Pa Mumbo, Domwe ndi Nankoma pali malo ogona alendo oyendetsedwa ndi eni ake. Imbani foni mugwirizane musanatulukire ndi boti pakhomo pawo. Pitani ku ofesi ya paki ku Cape Maclear, lipirani, sungani lisiti m'chikwama chosalowa madzi.

Zilumba zina zili ndi malamulo a makolo. Mbenji ku Salima imatsekedwa nyengo ya mvula pa ulamuliro wa mfumu, ndipo ili ndi miyambo yake ya amene angapondepo. Kulikonse kumene kuli anthu, ngakhale pa Chisi pathu pomwepa, yambani mwakaonekera kwa a mfumu kapena wapampando wa komiti ya pagombe. Moni wa mphindi zisanu ndi amene amalondera boti lanu usiku.

5. Ulendo wa pamsewu ndi kudzutsa mlongoti

Kuchokera ku Zomba ndi M3 kudzera ku Domasi, Liwonde, Ulongwe mpaka Mangochi, kenako njira ya ku Monkey Bay n'kukhotera ku Cape Maclear. Imani pa Liwonde mugwire pakati pa mateyala a ngolo ndi dzanja. Pakatentha moti simungapirire, mabering'i akutha. Tapani ndalama ndi kuthira mafuta pa Mangochi. Zitunda zomalizira zolowera ku Chembe ndi zokhotakhota, yendani pang'onopang'ono.

Pagombe, musanadzutse mlongoti, yang'anani kumwamba. Mawaya a magetsi ndi mlongoti wachitsulo zapha oyendetsa maboti m'maiko ambiri, ali pamtunda pouma. Kenako tsekani timabowo totulutsira madzi kumbuyo kwa mimba zonse ziwiri. Mmodzi atseke, winayo agwire ndi chala kutsimikiza.

6. Siyani uthenga, kenako funsani asodzi

Pezani munthu mmodzi wapamtunda, wosaiwala, amene mungamulembere papepala: tikupita kwakuti, tifika nthawi yakuti, tikapanda kuimba pofika 4 koloko masana uzani a boti la injini awa. Gwirizanani ndi mwini boti la injini wa ku Chembe musananyamuke, mtengo wake muudziwiretu, nambala yake ikhale m'mafoni onse awiri. Kukambirana mtengo uli pakati pa madzi, chiwongolero chitathyoka, si kukambirana.

Kenako pitani kumene asodzi akuyanika usipa pa matandala. Gombe lililonse lili ndi khalidwe lake la mphepo, ndipo iwo amalidziwa kuposa foni.

Chaka china tinali pa Chembe m'mamawa, kunja kuli bata, madzi ali phee ngati mafuta m'mbale. Bambo wina wachikulire ankasoka ukonde pansi pa mtengo. Nditamupatsa moni ndinafunsa za ku Mumbo. Sanayang'ane kunyanja n'komwe. Analoza ndi singano yake kumapiri a kumwera kumene kunali kamtambo kopyapyala kogona pamwamba.

"Achimwene, mwaona mabwato angati atuluka lero?"

Ndinayang'ana. Onse anali pamchenga, ena atawakokera kumtunda kwenikweni.

"Ndiye inu mukudziwa chiyani chimene eni mabwatowa sakudziwa?"

Mnzanga anati mkuluyo akungotiopseza, ndipo ine, chifukwa tchuthi chinali kutha, ndinamvera mnzanga. Chembe ndi malo obisika. Mapiri ndi zilumba zimatchinga mwera, moti pagombe pamanamiza. Titangotuluka kuseri kwa Thumbi tinakumana nazo. Kapini ka chiwongolero chimodzi kanathyoka, chigubu chimodzi cha madzi chinapita, ndipo tinafika pa Mumbo titanyowa mpaka m'mafupa, n'kukhala pomwepo masiku awiri tikudya mtedza. Titabwerera, bambo aja anali pansi pa mtengo womwewo. Anangoti, "Mwabwerako, achimwene," n'kupitiriza kusoka.

7. Pamadzi

Nyamukani kukangocha. M'miyezi yozizira dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndipo mdima wa kuno sumachedwa. Konzani zofika masana dzuwa lili pamutu, kuti chikavuta mukhale ndi maola anayi owala okonzera.

Majekete avalidwe musanakankhe boti, osati mafunde akayamba. Chingwe cha thanga lalikulu chikhale m'manja nthawi zonse. Mphepo yodutsa pakati pa zilumba, monga pa Ilala Gap, imabwera mwa mikwingwirima kuchokera mbali zosayembekezeka. Mukaona mafunde ayamba kuyera nsonga paliponse, chepetsani thanga nthawi yomweyo kapena bwererani. Kuchepetsa thanga mphepo itakula kale ndi ntchito yovuta kawiri. Mphepo ili kumsana, nonse khalani chakumbuyo kuti mphuno zisazike.

Boti likagubuduka, lamulo ndi limodzi: musalisiye. Boti la mimba ziwiri logona chammbali limakankhidwa ndi mphepo mofulumira kuposa momwe munthu angasambirire. Gwirani chingwe kaye, kenako muitane mnzanu, kenako mumasule zingwe za matanga, mutembenuzire mphuno kumphepo, n'kulidzutsa.

Mukaona chinthu ngati utsi wakuda chikukwera kuchokera pamadzi, si moto. Ndi nkhungu, tizilombo touluka tija anthu a kumpoto amaumba n'kudya. Zilambalaleni ngati n'kotheka. Zikakupezani, tsekani pakamwa ndi mphuno ndi nsalu mpaka zidutse.

Usiku musayende. Magetsi aja amaoneka ngati tauni pakati pa nyanja ndi nyali za asodzi a usipa, ndipo pozungulira siginala aliyense, msodzi wa m'bwato la nyali, pali ukonde wa chilimira. Kulowetsa ziwongolero mu ukonde wa anthu mumdima ndi mlandu umene simungaukwanitse kulipira.

8. Kukocheza ndi kumanga boti pachilumba

Zilumbazi ndi miyala ikuluikulu yotsetsereka molunjika m'madzi akuya. Mchenga ndi wochepa, m'timagombe tobisika. Fikirani mbali yobisika ku mphepo, imene nthawi ya mwera imakhala ya kumpoto kapena kumpoto chakumadzulo. Koma dziwani kuti kuseri kwa chilumba mphepo imatha mwadzidzidzi. Apa ndi pamene nkhafi zija zimagwira ntchito. Kwezani ziwongolero musanafike pamiyala, mmodzi atsike agwire mphuno.

Pakakhala mchenga, kokerani boti kumtunda ndithu, tsitsani matanga, mangani ku mwala kapena ku tsinde la mtengo popanda kulisenda. Pakapanda mchenga, ponyani nangula ndi chingwe chotalika kasanu kapena kasanu ndi kawiri kuyerekeza ndi kuya kwa madzi. Chingwe chopyapyala cha botolo chija chimangeni kumutu kwa nangula. Akakodwa m'miyala, ndipo adzakodwa, mudzamuzula chafutambuyo pokoka botololo.

Musanagone dzifunseni: mphepo ikatembenuka usiku n'kukhala mpoto kapena vuma ya kum'mawa, botili likamenya pati? Ngati yankho ndi mwala, lisunthireni pano kudakali kowala.

Pafupi ndi mabango ndi pamathiriro a mitsinje, makamaka mbali ya Salima, ndi kwa ng'ona ndi mvuu. Musasambe pamenepo, ndipo madzulo musatsuke mbale mutagwada m'mphepete mwa madzi.

9. Mukabwerera ku Zomba

Tsukani matanga, yanikani, onani mawaya a mlongoti ngati pali kachingwe kothothoka, chifukwa mpikisano wotsatira udzafuna boti lomwelo. Lembani zimene zinathyoka tsiku lomwelo musanaiwale. Ndipo pakatha milungu 6 mpaka 8 pitani kuchipatala mukayezetse likodzo. Madzi osaya a pafupi ndi midzi, ku Chembe ngakhalenso ku Chilwa, ali ndi nkhono zofalitsa matendawa, ndipo munthu amatha kukhala nawo osaona magazi mu mkodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa thupi. Kumwa tsiku lomwe mwatuluka m'madzi sikuthandiza chifukwa tizilomboto timakhala tisanakhwime. Mukatentha thupi sabata yoyamba kapena yachiwiri, kayezetseni malungo msanga.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa chaka ndi chaka

Kuweruza nyanja yonse poyang'ana madzi a pa Chembe. Kwerani pamwala, yang'anani kutali kupyola zilumba. Mzere wa kumapeto kwa madzi ukaoneka ngati mano a sowo, kunjako kuli mafunde.

Kumangirira katundu yense kutsogolo chifukwa ndi kumene kuli malo. Zigubu za madzi zikhale pakati, pafupi ndi mlongoti kapena kumbuyo kwake, ndipo chilichonse chikhale ndi chingwe chake.

Kuika foni, mpeni ndi wenzulo m'chikwama chomangirira paboti. Mukalekana ndi boti, zonsezo zapita nalo. Zikhale pa jekete.

Kunyamuka chifukwa Lolemba kuli ntchito. Abwana akhoza kukalipa. Imbani foni, pepesani, dikirani mphepo igwe.

Kupita boti limodzi pomwe anzanu a pa mpikisano akanatha kutsagana nanu. Maboti awiri oyenda moonana amasintha nkhani yonse, bola mugwirizane kuti wothamanga azidikira mnzake pa chilumba chilichonse, osati kukafika yekha n'kuyamba kuphika tiyi.

Kutenga mowa ngati gawo la madzi akumwa. Dzuwa la pamadzi limaumitsa thupi mosazindikira chifukwa mphepo imaziziritsa khungu. Botolo lidikire boti litamangidwa.

Ndipo timabowo tija totulutsira madzi. Ndaonapo anthu odziwa bwino ntchito yawo akudabwa chifukwa chake boti likulemera mbali imodzi atayenda kilomita yathunthu, kotsekera kali m'thumba la kabudula.